Kope la Kutentha la a Mwanahalima

Tsiku lililonse azana ya masana ikamveka ku mzikiti, a Mwanahalima amasiya usipa pathandala, n'kupukuta manja pachitenje, n'kuyang'ana kathabwa kamanambala kamene kamapachikidwa pakhonde pawo. Amakayang'ana atatsinzina diso limodzi, n'kulemba m'kope. Kenako amavala patapata, poti mchenga wa kuno ku Ngala nthawi imeneyo supondeka ndi phazi lokha, n'kupita nako kathabwako pabwalo pamene pamachitikira sikelo ya ana. Pamenepo amakapachika pamtengo wozika, amadikira pang'ono, n'kulembanso. Akatero ndiye amapita kukaswali.

Anabadwira konkuno, mwana wa mzamba. Sukulu analekezera Sitandade 4, ndipo chimene anachokako nacho ndi manambala basi. Amuna awo anamwalira ana akadali aang'ono, anawo anawalera ndi usipa: kugula m'mawa kwa asodzi, kuyanika, kukagulitsa ku Dwangwa. Pamsonkhano amakhala kumbuyo, mpango ataufunda mpaka m'maso, ndipo anthu ambiri sanali kudziwa kuti mawu awo amamveka bwanji pagulu.

Za kope zinayamba chaka chatha, mwezi wa Seputembala. Mwana wawo wamkazi anapeza ntchito pasitolo ku Dwangwa, n'kuwasiyira kamdzukulu, Nasiru, ka miyezi isanu ndi inayi. Tsiku la sikelo anakabereka. Pabwalopo kale panali mkuyu waukulu, koma unagwa ndi mvula zaka ziwiri m'mbuyomo, ndipo panatsala mchenga wokhawokha. Alangizi a zaumoyo amafika cha m'ma teni, chifukwa katemera amachokera naye kutali panjinga yamoto. Amayi anali ochuluka, mzere unakhota mpaka kunjira. Nasiru analira, analira, kenako anangoti zii. Mayi wina kumbuyo anati, "Agogo, tamuonani mwanayo khosi." Atamutsitsa anapeza walefuka ngati nsanza, maso atatembenuka. A Mariam, mmodzi wa alangiziwo, anamuthamangitsira pakhonde la nyumba yapafupi, kumuvula, kumupukuta ndi madzi, mpaka mwana anatsitsimuka n'kuyamba kulira.

Lachisanu lotsatira a Mwanahalima anapita kumsonkhano wa komiti ya zaumoyo ya m'mudzi. Anaimirira n'kupempha chinthu chimodzi: amuna adule mitengo, amayi amwete udzu, pabwalo pamangidwe chisakasa kusanafike Novembala.

Wapampando anali a Jamali, bambo osasiyana ndi kawailesi kawo. Anamvetsera bwino, kenako anagwedeza mutu.

"Mayi, mwana uja anali ndi malungo, musanamizire dzuwa. Amuna panopa akusoka makoka, ena ali m'minda. Ndiwachotse kumeneko chifukwa cha thukuta? Kutentha kwenikweni ine ndimakumva pawailesi. Amatchula chipululu china ku America, amatchula Kuwait, Iraq, Pakistan. Kumeneko kumapitirira 50. Kuno kwathu akatchula ndi Nsanje ndi Chikwawa. Munamvapo akuti Ngala? Ife tili ndi kamphepo ka panyanja."

"Kumene mwatchulako amadziwa bwanji kuti kwafika 50?" anafunsa a Mwanahalima.

"Amayeza. Ali ndi zipangizo."

"Nanga kuno amayeza ndani?"

A Jamali anaseka. "Yezani inuyo, mutibweretsere."

Anthu anaseka nawo, koma a Mwanahalima anazitenga ngati ntchito imene apatsidwa. Kunyumba anatsegula kachitini ka malemu mayi awo, mmene munali lumo, ulusi, ndi kagalasi kakale koyezera kutentha kwa thupi, kaja amaika m'khwapa. Anagula kope ndi pensulo. Wotchi analibe, ndiye anasankha azana ya masana kuti ikhale wotchi yawo. Tsiku loyamba anakagoneka pamchenga wa pabwalo. Kamzere ka siliva kanakwera mpaka kumapeto, pa 42. Analemba. Mawa lake 42. Mkuja 42. Mtima unali m'malo: umboni ndi umenewu.

Patatha masabata atatu anabwerera kukomiti, kope lili m'manja, kagalasi atakakulunga m'kansalu. A Jamali anavala magalasi n'kuyamba kutsika ndi chala.

"42. 42. 42. Ee, mayi! Ngakhale Lachiwiri lija kunachita mitambo, tonse tinafunda zitenje m'mawa, nalonso 42? Dzuwa lanuli ndiye lokhulupirika kuposa mlonda."

Kuseka kunamveka mpaka panjira. A Mariam, amene analipo tsikulo, anapempha kagalasiko. Anakagwira kumapeto n'kukakutumula katatu, kamzere kaja n'kutsika.

"Amayi, aka ndi ka m'khwapa," anatero motsitsa mawu. "Kakakwera sikatsika kokha mpaka mukakutumule. Ndiponso kamalekezera pa 42. Zimene mwalemba masiku onsewa ndi za tsiku loyamba lija."

A Mwanahalima anayang'ana pansi. Mayi awo ankakakutumuladi asanayeze munthu. Anawaonapo kangati ali mtsikana, iwo n'kumaganiza kuti akuchotsa fumbi! Anatenga kope lawo n'kutuluka. Masiku awiri sanapite kugombe, chifukwa amayi anzawo anali atayamba kale kuwaitana kuti "a Fote-thu". Koma akayang'ana Nasiru akukwawa pamphasa, ankawerenga masiku: sikelo ya Okutobala yayandikira, ya Novembala ndiye idzakhala pamoto penipeni.

Tsiku lachitatu anapita kwa alamu awo a Kalilu, amene amaweta nkhuku zachizungu kuseri kwa msika. Anakumbuka kuti m'khola lawo mumapachikidwa kathabwa kamanambala.

"Alamu, kaja kamatsika kokha?"

"Kamakwera, kamatsika, sikafuna kunyengerera ngati inu akazi," anatero a Kalilu. "Mukufuna kuyamba kuweta, kapena mdzukulu wamera nthenga?"

"Mumakagwiritsa ntchito yanji?"

"Kakayandikira 35 ndimatsegula matumba onse a m'mawindo, ndimathira madzi padenga, ndimawonjezera zomwera. Ndikachedwa zimayasama kukamwa, madzulo ndikutola zakufa."

"35?"

"35. Nkhuku si munthu, siipirira."

A Mwanahalima anati, "Ndibwerekeni." A Kalilu anali nato tiwiri, anawapatsa kakale.

Ulendo uno anayamba wakafunsa kwa a Mariam. A Mariam anawauza kuti a zanyengo amayezera pamthunzi, osati padzuwa, komanso osati pansi.

"Ndamva," anayankha. "Ndiye ndiziyeza kawiri. Pakhonde panga pakhale pa awailesi. Pabwalo pakhale pa ana, poti ana saima pamthunzi."

Anazika mtengo pakati pabwalo n'kukhoma msomali pamsinkhu pamene pamafika mutu wa mwana akaberekedwa kumbuyo. Anayesa ndi Nasiru yemwe, atamubereka, chala chili pamutu pake. Kope analigawa pakati ndi mzere. Manambala tsopano anayamba kuyenda ngati zinthu zamoyo: pakhonde 33, mawa 35, tsiku lamphepo 31, pabwalo 41, 44, tsiku lina 46. Tsiku limene anadwala mutu anapitabe, atamanga mpango pamphumi. Usipa wina unapserera pathandala chifukwa chochedwa kuutembenuza. Pa sikelo ya Okutobala anamufunditsa Nasiru chitenje chonyowa, ndipo anaona amayi awiri akuchoka pamzere ana asanabayidwe katemera. Analemba zimenezonso m'munsi mwa tsikulo.

Msonkhano wotsatira unachitikira pakhonde la a Jamali, nyenje zikulira mumitengo ya mango. A Mwanahalima anabwera ndi a Kalilu, amene ankadandaula njira yonse kuti asiya nkhuku zokha.

A Jamali anatsika ndi chala, ulendo uno pang'onopang'ono. Anafufuza tsiku lija kunawomba mphepo, anapeza nambala yatsikadi. Anatseka kope.

"Mwagwira ntchito, mayi, sindikana. Koma onani mbali ya pamthunziyi, imene amawerenga a zanyengo. 36 ndiye pamwamba. Kuwait akanamva akanatiseka."

"A Kuwait asekedi, ana awo sindikuwadziwa," anatero a Mwanahalima. Mawu anatuluka aakulu kuposa mmene anafunira. "Ine sindikupikisana ndi dziko la eni. Alamu, auzeni, nkhuku zanu mumayamba kuzithirira madzi pa chiyani?"

"35," anatero a Kalilu.

"Zili padzuwa?"

"Ayi, m'khola. Pansi pa denga."

"Nkhuku ili pansi pa denga ikuthiridwa madzi pa 35. Mwana wa munthu akuima maola awiri pa 44, alibe denga. Bambo Jamali, mdzukulu wanu wabadwa mwezi wathawu. Sikelo ikubwerayi adzakhala pamzere womwewo. Msomali uli pabwalowo ndi pamene padzakhale mutu wake. Tiyeni mukaimepo mpaka azana, wailesi mutenge."

Panalibe amene anaseka. Mayi wina wa m'komiti anati mwana wake anasiya kupita naye kusikelo kalekale, ankangochita manyazi kunena chifukwa. A Jamali anazimitsa wailesi, imene inali ikulira pansipansi nthawi yonseyi, n'kufunsa kuti mitengo ikufunika ingati.

Chisakasa chinamangidwa masiku anayi. Udzu unali wosowa mwezi umenewo, mbali ina anafolera ndi mabango ndi masamba a migwalangwa, ndipo a Jamali anakwera okha padenga kumanga luzi, akutukwana aliyense wowapatsira mopotoka. Sikelo ya Novembala amayi anakhala pansi pamthunzi, ana akuyamwa. Nasiru anakwera sikelo akukankha miyendo, wonenepa ndithu.

Anthu atabalalika, a Kalilu anabwera kudzatenga kathabwa kawo. A Mwanahalima anali atakagwira ndi manja awiri.

"Ntchito yatha, alamu. Denga ndi ilo," anatero a Kalilu.

"Yatha ya denga. Pamjigo amayi amaima padzuwa, ana ali kumbuyo. Ndipo chaka chamawa wina adzati chaka chino sikunatenthe." Anatsegula kope, linali litatsala masamba awiri. "Kathabwaka ndisiyireni. Ndipo mukamapita ku Dwangwa kukagula chakudya cha nkhuku, mundibweretsere kope lina. Lamasamba ambiri."