Singano Yonenepa ndi Mbale ya Apongozi

Apongozi anga aakazi anachita khungu chaka chimene kwacha inalowa m'malo mwa paundi. Ng'ala inayamba diso limodzi, kenaka inawolokera linalo, ndipo Baibulo lawo la Chitumbuka, limene ankawerenga m'mawa uliwonse asanagwire khasu, linangokhala chitsekere pamwamba pa kabati. Ine nthawi imeneyo ndinali namwino pachipatala cha pa Boma ku Mzimba. Kwathu ndi ku Dedza, koma ndinakwatiwa ku Engutwini. Amuna anga anali alangizi a zaulimi, ndipo boma linali litawatumiza kutali, ku Nsanje.

Asananyamuke anagulira amayi awo galamafoni ya mabatire ndi mbale imodzi yaikulu, yakuda, yopepuka, yosasweka ngati mbale zakale zija. M'menemo bambo wina wa mawu ofatsa ankawerenga Uthenga Wabwino m'Chitumbuka, mbali zonse ziwiri. Wailesi inali itasiya kale kulankhula Chitumbuka. Anthu a pakhomopo ankatha tsiku lonse kumunda, ndipo ine ndikati ndiwawerengere, lilime langa lachichewa linkawaseketsa mpaka kutsokomola. Choncho mbale ija inali khomo lokhalo limene Mawu ankalowera kwa iwo m'chinenero chimene anabatizidwa nacho. Kumene amuna anga anaigula anati mbale zotere zinatha, ndipo sankadziwa ngati zina zidzabwera.

Loweruka lililonse limene sindinali pantchito ndinkapalasa njinga kupita ku Engutwini. Miyezi yoyamba mawu ankatuluka oyera. Kenaka ndinayamba kumva kathithi kumbuyo kwa mawu, ngati mafuta akuthetheka m'chiwaya. Mlungu uliwonse kankakula. Amama, monga ndinkawaitanira, ankapendeketsa mutu kufupi ndi galamafoni n'kumafunsa kuti, "Wakuti vichi?" Kunali kufunsa chimene wowerengayo wanena. Mtima wanga unandiuza kuti mbale ikufa.

Woliza galamafoni anali mmodzi yekha, apongozi anga aamuna. Anagwira ntchito zaka zambiri m'migodi ya ku Joni, ndipo anabwerako ndi chifuwa, chipewa, ndi mulu wa mbale zakale zolemera. Ndinawayang'anitsitsa tsiku lina ndili chogwada pafupi ndi nkhokwe. Kumapeto kwa mkono wa galamafoni kunali mutu, ndipo pamutupo panali kachitsulo kotembenuza. Ukakatembenuzira uku, inkatsika singano yonenepa. Ukakatembenuzira uko, inkatsika yowonda ngati tsitsi. Iwo ankatsitsa yonenepa nthawi zonse. Popeza inkadumphadumpha, anamangirira pamutupo kobiri lakale lija loboola pakati, limene linali litasiya kugula kanthu m'sitolo, kuti liikanikize.

Kumeneko mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wawo, salankhula ndi apongozi aamuna maso ndi maso. Amagwada chapatali, nkhope kumbali, ndipo mawu ake amadzera mwa munthu wina. Wanga wodzeramo anali mlamu wanga, mchemwali wa amuna anga, mayi wa ana ake kale, wa pakamwa pakuthwa. Nditamuuza nkhawa yanga kuseri kwa khitchini anaseka.

"Mlamu, iwe vuto lako ndi limeneli. Unazolowera kubaya anthu m'matako. Ukangoona singano, mbwenu mtima uli dididi."

"Seka, koma mbale ikutha. Ikatha, amama uziwawerengera ndiwe?"

"Ine? Ndi maso anga a tulo awa? Yayi. Kafunse kaye kwa odziwa, tisakachite manyazi pamaso pa adada."

Pafupi ndi msika wa pa Boma, pakhonde la sitolo ina, pankakhala bambo wokonza mawotchi ndi mawailesi. Ndinapita Lolemba, ndisanavule yunifolomu, n'kumufotokozera zonse. Anatulutsa mbale ziwiri, yakale ndi yatsopano, n'kundipatsa kagalasi kake ka pa diso limodzi.

"Yang'anani nokha, amama anesi."

Ndinayang'ana. Mizere ya mbale yakale inali yotakata ngati ngalande. Ya mbale yatsopano inali yothithikana, yopyapyala, yokhotakhota bwino zedi. Ndinachita mantha aulemu poona kuti mawu a munthu angakhale m'kanjira kakang'ono chotero.

"Singano yonenepa siingalowe umo," anatero. "Imayenda pamwamba, n'kumagumula m'mbali. Ndiye mukuti aikapo kobiri? Zoopsa chomene! Ndiye kuti akulowetsa pulawo ya ng'ombe m'bedi la nazale."

Anandiliziranso mbale yake yoyesera kuti ndimve ndekha. Ndi singano yonenepa mawu ankatuluka aukali, okalakata, ndipo paliponse pamene woimba wanena "s" pankamveka ngati nsalu ikung'ambika. Ndi yowonda mawu anatsika pang'ono, koma liwu lililonse linaima palokha. Kenaka anayala timapaketi patebulo. Singano zowonda zinalipo za mitundu iwiri. Ina nsonga yake inali ya safiro, yotchipa, koma yosachedwa kubuntha, ndipo ikabuntha nayonso imapala mbale. Ina inali ya dayimondi, yokhalitsa, koma mpaka kuitanitsa ku Blantyre. Safiro ndinkangomudziwa m'Malemba, pa maziko a mzinda umene tikuuyembekezera. Sindinkadziwa kuti ndidzamuona pakhonde la sitolo, wochepa kuposa njere ya mpiru.

Mitu nayo inali iwiri. Wina, wonga wa galamafoni yathu, anati mkati mwake muli kamwala ka mchere: umafuula kwambiri, koma chinyontho cha dzinja chikalowa mcherewo umasungunuka, mutu n'kukhala chete. Winawo unali wa dothi lootcha, wa mawu ofatsa, wosaopa mvula. Ndinamvetsera yonse iwiri ndipo ndinakonda wadothi, koma kusintha mutu kunkafuna kubweretsa galamafoni yonse ku Boma, chinthu chimene apongozi aamuna sakanalola. Ndinangoitanitsa singano ya dayimondi. Anati idzafika basi ikadzafuna.

Koma mbale inkalira tsiku ndi tsiku, ndipo sikanadikira basi.

Loweruka lotsatira ndinagwada pamalo anga, mlamu n'kunyamula mawu anga. "Adada, mkamwana akuti wokonza mawailesi wa pa Boma wanena kuti mbale iyi imafuna singano yowonda."

Apongozi sanatembenuke. Analankhula moyang'ana mtengo wa mango. "Umuuze mkamwana kuti ine ndinayamba kuliza galamafoni ku Joni iye asanamere mano. Mbale yaikulu, singano yaikulu. Kasingano ako n'ka timbale ting'onoting'ono ta achinyamata ovina. Wa pa Boma uja akufuna kugulitsa katundu wake basi."

"Mlamu, wamva?"

"Ndamva. Yewo."

Ndinabwerera ku Boma mtima ukuwawa. Zimene ananena zinali ndi nzeru yake. Mbale yathu inalidi yaikulu kuposa zawo zakale, ndipo munthu amene sanayang'anepo m'kagalasi kaja akanaganiza chimodzimodzi. Mlamu anandiuza kuti tingotembenuza kachitsuloko iwo ali kudimba. Ndinakana. Akanazindikira ndithu, n'kukabweza, ndipo kuyambira pamenepo mawu anga aliwonse akanakhala a munthu wochita zam'seri. Komanso sindinafune kuteteza Mawu a choonadi ndi chinyengo. Mlungu wonsewo, ndikamawiritsa masingano a chipatala m'mawa, ndinkapempha Ambuye chinthu chimodzi: andipatse njira yoti bambo aja aone okha, ulemu wawo usagwe pansi.

Loweruka litakwana ndinapita ndi kansalu koyera, katsopano, kofewa. Nditafika ndinayamba kwa amama, pakuti ndi iwo ndinkalankhula momasuka. Ndinawauza zonse, osabisa kanthu. Anaika manja pa maondo, n'kunena kuti, "Makutu ndi anga. Ndipempha ndine."

Dzuwa litapendeka, apongozi aamuna anatulutsa galamafoni pakhonde monga mwa masiku onse. Analiza ndi singano yawo, kobiri lili pompo. Inali nkhani ya wofesa mbewu, ndipo kathithi kaja kanali katakula moti mbewu zogwera pa thanthwe ndi zogwera paminga zinkangomveka ngati zagwera malo amodzi.

"Adada," anatero amama, pakuti ndi mmene ankawaitanira amuna awo, "imitsani. Ndikufuna ndimve ndi inayo."

"Nawenso wayamba?"

"Maso ndilibe. Mundimanenso makutu? Malo omwewo, mubwereze."

Anang'ung'udza, koma anatembenuza kachitsulo. Mlamu anawakumbutsa kuti achotse kaye kobiri, ndipo anamasula ulusi mokwiya. Singano yowonda inatsika. Sinadumphe. Mawu anabwera otsika, ndipo kathithi kanalipobe, pakuti zogumuka zinali zitagumuka, koma mawu anali patsogolo, kathithi kumbuyo.

"Mwaona? Mawu achepa," anatero apongozi.

"Achepa, kweni ndikumva lililonse. Tembenuzani mbale."

Mbali yachiwiri sankaikonda kuiliza kawirikawiri, chifukwa amama ankakonda mafanizo a mbali yoyamba. Anaitembenuza, ndipo inayamba kulira. Panalibe mafuta othetheka. Amama anakweza chala.

"Tamverani. Akupuma. Munthu uyu ndikumumva akukoka mpweya asanayambe vesi."

Apongozi anati zimenezo n'zongoganiza. Apo ndinakwawa ndi maondo kufika pamene panali mlamu, n'kumupatsa kansalu kaja. Ndinamuuza motsitsa mawu, koma moti onse amve, kuti apemphe adada apukute okha singano yonenepa ndi mbali yoyamba ya mbale. Mlamu anapempha. Apongozi anapukuta, n'kutambasula kansalu padzuwa. Panali fumbi lakuda, losalala ngati mwaye.

Analitikita pakati pa zala nthawi yaitali. Bambo aja anaboola miyala pansi pa nthaka theka la moyo wawo, ndipo fumbi ankalidziwa kuposa tonsefe. Ankadziwa kuti silichokera kumwamba, koma pa chinthu chimene chikugumuka.

"Umufunse mkamwana," anatero potsiriza, "fumbi ili ndi la msewu?"

Mlamu ananditembenukira, nkhope ili ngati ya woweruza. "Mlamu, akufunsa adada. Ndi la msewu?"

"Uwauze kuti la msewu wa kuno ndi lofiira."

Amama anaseka poyamba, mlamu n'kutsatira. Apongozi sanaseke. Anatsokomola, napinda kansalu kaja bwinobwino, naika kobiri m'thumba la jekete.

"Ku mgodi," anatero, akuyang'anabe mtengo wa mango, "ukalowetsa chitsulo chachikulu m'bowo laling'ono, kapitawo amakuthamangitsa tsiku lomwelo. Zimenezi ine ndinkazidziwa kale. Wolakwa ndi amene anapanga mbale yaikulu n'kuipatsa mizere ya ana."

"Yewo, adada," tinayankha tonse.

Kuyambira tsikulo singano yonenepa inkatsika pa mbale zawo za ku Joni zokha. Ya dayimondi inafika mvula itayamba. Ndinaipereka kudzera mwa mlamu, pamodzi ndi uthenga woti galamafoni izisungidwa m'bokosi, kutali ndi khoma lonyowa, chifukwa cha mchere uja. Anaiika okha, ndi kampeni kawo, atathamangitsa nkhuku ndi anthu omwe pakhonde.

Mbali yoyamba sinachire. Panali malo ena pamene kobiri linakumba kwambiri, ndipo popanda cholemera singano inkakakamira pamenepo, wowerenga n'kumabwereza liwu limodzi ngati munthu wachibwibwi. Apongozi sanabwezerepo kobiri. Ankakokera mpando wawo pafupi, chala chili chokonzeka, ndipo ikafika pamalopo ankaikankha pang'ono kuti idutse. Ikadumpha, mawu angapo ankatayika. Amama ankawanena okha mokweza, pamtima, ndipo wowerenga ankawapeza kutsogolo.

Mbali yachiwiri inakhala yoyera zaka zonse zimene amama anakhala ndi moyo. M'menemo munali nkhani ya masautso a Ambuye ndi kuuka kwawo, ndipo chifukwa chakuti ndi imene inkamveka bwino, ndi imene anaimva kwambiri m'masiku awo otsiriza.