Tsitsi Limene Linandimanitsa Mfuti

Njovu imene inapha mng'ono wanga ndimaidziwa. Ndi yamphongo, khutu lake lakumanzere ndi long'ambika, ndipo poyenda imakoka pang'ono mwendo wakumbuyo. Inamupeza m'mawa dzuwa litatuluka kale, ali pa njinga kupita kumunda wa thonje kwathu kuno ku Nsefu, m'nyengo ya mango. Njinga ija tinaitola itapindikapindika. Za thupi lake sindilemba.

Agemu, amene amayang'anira nyama, anabwera tsiku lomwelo. Anatsata mapazi mpaka ku Luangwa n'kupeza kuti yawoloka kale kulowa m'paki. Anatipepesa ndithu, ndisaname, koma mawu awo analowera khutu ili n'kutulukira linali. Ine ndinkafuna chinthu chimodzi basi: njovu ija igwe, ndipo woigwetsa ndikhale ine.

Ife ndife a tchalitchi, koma mwambo wometa maliro sitinautaye. Patapita masiku angapo titaika maliro, amalume anatisonkhanitsa pabwalo, lumo lili m'manja. Anameta amayi, alongo anga, ndi mlamu wanga wamasiye uja. Itafika nthawi yanga ndinaimirira.

"Lumo limenelo lisandikhudze, amalume. Ndidzameta tsiku limene ndidzadye nyama ya njovu ija."

"Khala pansi iwe," anatero amalume. "Ndiwe mkulu wake. Mutu wako ukakhala wosameta ndiye kuti maliro akadali m'nyumba. Nanga mlamu wakoyu timumasula bwanji kuti akayambe moyo wina?"

"Adikire. Nanenso ndikudikira."

Amayi anaphimba nkhope ndi chitenje. Ndinawaona, koma mtima unali utauma gwa, ndipo ndinachoka pabwalo paja osacheuka.

Miyezi inapita, tsitsi likukula n'kumapotana, ndevu nazo osatsalira. Asuweni anga, amene pakamwa pawo sipatseka, ankandifunsa ngati mpheta zaikira kale mazira m'mutumo. Sindinkaseka. M'mawa uliwonse ndikagwira mutu ndinkakumbuka chimene ndikukhalira moyo. Ena anandinong'oneza za mfuti zobisa m'tchire, koma ndinali nditaona anzanga angapo akupita kundende chifukwa cha zomwezo. Ine ndinafuna mfuti ya mapepala, kuti njovu ija ikadzangoponda m'munda mwanga ndidzaithire chipolopolo popanda wondigwira dzanja.

Kupempha laisensi ya mfuti ndi ntchito yofuna miyendo. Ndinapalasa njinga kupita kuboma kangapo, lero akufuna zithunzi, mawa zala mu inki, tsiku lina kalata ya dokotala yonena kuti maso ndi mutu zili bwino, kenako kalata yochokera kwa mfumu. Wowotcherera zitsulo wa ku Mfuwe anandipangira bokosi la loko losungiramo mfutiyo. Pa fomu, pamene amafunsa chifukwa chofunira mfuti, ndinalemba mosamala kuti ndikufuna kuteteza chimanga ku nguluwe ndi anyani. Mawu oti njovu sindinawalembe paliponse. Ndinadziona wochenjera kwabasi.

Tsiku londifunsa mafunso ndinapeza wapolisi wachikulire, wa imvi m'mbali. Atangotsegula pakamwa ndinadziwa kuti ndi mwana wa m'chigwa chomwe chino.

"Mwadzuka bwanji, atate? Tinati mubwere teni koloko, mwafika naini. Mfutiyi mukuifuna ndithu."

"Anyani andivuta, bwana."

Anayang'ana chithunzi changa pa fomu, n'kuyang'ana ine, n'kubwereranso pa chithunzi. Kenako anaika cholembera pansi.

"Maliro ake ndi a ndani?"

"Maliro ati, bwana?"

"Amene muli nawo kumutuwo. Malaya ndi osita, nsapato zopukuta, zikhadabo zowenga. Munthu wodzisamala chonchi sasiya tsitsi chifukwa cha ulesi. Ndani anamwalira, ndipo chinamupha n'chiyani?"

Ndikanatha kunama. Koma kukana mng'ono wanga pamaso pa munthu, lilime linakana. Ndinati anali mng'ono wanga, ndipo inali njovu. Iye anangogwedeza mutu n'kulemba mizere ingapo. Anati pepani, ndipo anandiperekeza mpaka pakhomo.

Patapita milungu ingapo ndinakatenga kalata kuboma. Inati pempho langa lakanidwa chifukwa akuluakulu sanakhutire ndi chifukwa chimene ndinapereka, koma ngati sindikugwirizana nazo ndikhoza kuchita apilo ku Lusaka masiku oikika asanathe. Ndinapsa mtima koopsa. Wapolisi uja ndinamutukwana njira yonse yobwerera, ndipo ndinamufunira kuti njovu yomweyo idzamupasulire nkhokwe iye akuona. Mwana wa kwathu, wodziwa mmene timalirira, n'kugwiritsa ntchito kudziwa komweko pondimana! Akanakhala mlendo ndikanamva.

Apilo anandilembera mphunzitsi wina wopuma ntchito, m'Chingerezi chosalala. Tinalembamo maekala anga, mbewu zimene zinaonongeka, ndi kuti sindinapalamulepo mlandu. Titamaliza, maganizo anandibwerera. Ngati tsitsi landigulitsa kwa munthu mmodzi, lidzandigulitsanso kwa akuluakulu a ku Lusaka akadzaona chithunzi. Ndinaganiza zotumiza chithunzi chatsopano cha munthu wometa bwino, wooneka wopanda chakukhosi.

Ndinadzinyengerera motere: kumeta maliro ndi kwa lumo, pabwalo, m'manja mwa amalume. Kumeta kwa makina m'kasitolo ka ku Mfuwe, wailesi ikulira, ndi kumeta wamba. Lumbiro langa likhalabe pomwepo. Choncho ndinakhala pa mpando uja, wometa akudandaula kuti ndimuthyolera makina. Tsitsi la miyezi yonse ija linagwa pansi, iye n'kulisesera pakona pamodzi ndi la anthu ena. Ndinajambulitsa, ndinaphatika chithunzi pa apilo, ndinatumiza, n'kugula kapusi yobisira mutu.

Kapusi ingabise chiyani pamudzi? Ndevu zinali zitapita. Ndisanatsike n'komwe pa njinga, amayi anasiya lichero la mtedza n'kubwera. Anandivula kapusi ija okha, nandigwira mutu ndi manja onse awiri ngati ndine khanda.

"Mwanawe, wandipumuza," anatero akulira. "Tsiku lililonse ndimati njovu ija inditengeranso wachiwiri. Mulungu wandimva."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze zoona, kuti ndametera chithunzi. Manja awo anali akadali pamutu panga. Ndinatseka pakamwa.

Uthenga unafika kwa amalume dzuwa lisanapendeke. Iwo sanafunse kuti lumo linali la ndani. Anati mutu wayera, maliro atuluke m'nyumba. Chimera chinanyikidwa, mowa unaphikidwa, abale anabwera kuchokera ku Mnkhanya ndi ku Malama, ndipo mlamu wanga anamasulidwa. Anadzandigwadira ndi kundithokoza kuti ndamumvera chisoni. Akulu a mpingo anandigwira chanza, ati ndaonetsa chitsanzo cha kukhululuka. Ine ndinakhala pa mpando ndi chipanda cha mowa osamwa, mumtima ndikuwerenga masiku oti yankho la ku Lusaka lifike. Ndinkati mfuti ikangobwera, onsewa adzadziwa kuti sindinakhululuke kanthu.

Yankho linachedwa mpaka thonje tinathyola. Anandiitana kuboma, ndipo wondipatsa kalatayo anali wapolisi yemwe uja. Inali ya mizere yochepa. Akuluakulu aunika zonse ndipo akugwirizana ndi chigamulo choyamba. Chithunzi changa chinabwerera chili chophatikidwa pomwe ndinachiphatika, chatsopano ngati sichinagwiridwepo.

"Kodi chithunzichi anachiona, bwana?" ndinafunsa.

"Chithunzi? Kumeneko amawerenga lipoti, atate. Angadziwe chiyani za tsitsi anthu a m'maofesi aja? Mukanapita nalo lofika m'mapewa akanangoti ndi sitayelo." Kenako anandiyang'ana kumutu, nkhope yake n'kufewa. "Koma ndaona mwameta. Mwachita bwino. Mng'ono wanu agone tsopano."

Ndinatuluka n'kukankha njinga mtunda wautali osakwera. Ndinali nditataya lumbiro la mng'ono wanga pansi m'kasitolo, kuti ndinamize anthu amene sanali kuyang'ana n'komwe. Mfuti ndinalibe, ndipo maliro anali atatsekedwa ndi mowa. Kusiyanso tsitsi kukanakhala kuseketsa anthu, chifukwa maliro sametedwa kawiri. Ndinadzida tsiku limenelo kuposa mmene ndinadera wapolisi uja, koma njovu ndinaida kuposa tonse awiri.

Mango atapsanso inabwera. Unali usana, anthu ali m'mithunzi, ndipo inatulukira kuseri kwa nkhokwe pamodzi ndi zinzake ziwiri, ikukoka mwendo uja. Inaima pansi pa mtengo wa mango wa pakhomo pathu n'kuyamba kugwedeza nthambi mosafulumira, ngati kwawo. Anthu anathawira m'nyumba, ena akuimbira foni agemu. Ine ndinatola chitini cha mafuta ndi mtengo, zida zimene boma silifunsa laisensi, n'kuima pamtunda woti ndikanakhala ndi mfuti sindikanaphonya. Ndinaliona khutu lija bwinobwino, ndi malo ofewa kumbuyo kwake.

Amayi anandikoka malaya ali pakhomo.

"Lowa, mwanawe. Isiye idye ipite. Paja unaikhululukira kale."

"Inde, amayi," ndinatero.

Ndinamenya chitini chija mpaka chinabooka, ndipo njovu sinacheuke.