A Mwetulirani ndi Mkonono wa Mwana

Mkonono unali wa munthu wamkulu, koma unkachokera kwa mwana wa zaka ziwiri. Nkhrrr, nkhrrr, ngati wina akukoka tebulo pasimenti. Mayi ake anali atauzolowera. Chomwe chinkawaopsa n'chakuti pakati pa usiku mkononowo unkangoti zii, kachifuwa kakukoka koma mpweya osalowa, mpaka mwana adzidzimuke ngati wavuuka m'madzi. Bambo a mwanayo ankayendetsa galimoto ya katundu, kunyumba n'kumabwera mwa apo ndi apo, choncho mayiyo ankachezera yekha, dzanja lili pamsana pa mwana.

Kuchipatala anapitako kawiri. Koma masana mwanayo ankachita kuwala ngati wa pachitini cha mkaka, kukwera mipando, kulanda cholembera cha adokotala. Adokotalawo, mayi wa magalasi wolankhula modekha, anati zomwe sakuziona sangazichize. Amujambule kanema ali m'tulo, mawu azimveka, abwere nayo. Foni ya mayiyo mumdima inkangojambula mdimawo, ndiye anakagogoda kwa alamu ake.

Alamuwo ndi akulu ake a mwamuna wake, ndipo amakhala m'chipinda choyang'anizana ndi chake, kuseri kwa mpopi. Dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale. Onse amati a Mwetulirani, chifukwa ndiwo mawu omwe amakuwa akaloza kamera paukwati. Akuti tsiku lina anaiwala n'kuwanena pamaliro, ndipo dzina linakhazikika pompo.

Ntchito anayamba ndi kukonza mawailesi. Kenako anakhala wokoka chingwe kumbuyo kwa wojambula wina, kufikira atagula kamera yakeyake, yogwirapo kale, yomwe batire lake amalimanga ndi mphira. Laputopu yawo inathyoka msana, moti kuti iime amaitsamiritsa pachitini cha penti. M'chipindamo mpando ndi umodzi, ndipo nthawi zonse pamakhala zingwe. Mlendo amakhala pabedi.

Chomwe amanyadira koposa ndi pulogalamu yomwe amajambulira ndi kudulira makanema. Poyamba ankagwiritsa ntchito yakuba, yomwe inawafera m'manja eni ukwati ali pakhomo kudikira. Pamenepo ndi pomwe anapeza ina yaulere, yolembedwa ndi anthu a m'maiko osiyanasiyana mothandizana, yoti aliyense wodziwa akhoza kuitsegula m'mimba n'kukonza chomwe chavuta. Amailalikira ngati mpingo. Ukangofuna kubwereka machesi, uyamba wamva kuti iyi si ya kampani, ndi ya tonse. Nthawi ina anawalembera anthuwo kuti mawu akutsalira m'mbuyo mwa zithunzi, wina wa kutali n'kuyankha mothokoza. Kuyambira tsikulo amati "ife opanga pulogalamu".

Kadulidwe kawo mayiyo anali atakaonapo, popeza ankakonda kuima pakhomo pawo mwana ali kumsana. A Mwetulirani sayamba ndi kuonera zithunzi. Pansi pa kanema pamakhala mzere wosonyeza mawu: pomwe pali phokoso pamatuluka timapiri, pomwe pali chete mzere umagona. Iwo amangotsata mzerewo. Ukagona, amadula. Amati paukwati pakakhala chete ndiye kuti magetsi azima kapena wina akusakasaka mphete, ndipo palibe amalipira kuti aonere zimenezo.

Atamva za mwana sanafunse zambiri. Mwanayo anali atamutcha kale Thirakitala, chifukwa mkonono wake unkadutsa bwalo lonse kukawapeza. Madzulo anabwera ndi katundu ngati akukajambula nduna. Kamera anaiika pathebulo lositira, n'kuilumikiza ku laputopu kuti pulogalamu izisunga zonse momwemo, chifukwa kakhadi ka mu kamera sikakanakwana usiku wonse. Nyale anaiphimba ndi mpango kuti isamudzutse mwana. Maikolofoni anaimangirira ku neti ndi chingwe cha nsapato.

"Mlamu, kadontho kofiirako kakayaka, musakhudze chilichonse. Ngakhale kuyetsemula, mukayetsemulire panja."

"Nanga akasiya kupuma?"

"Mudzutseni, ndi mwana wanu. Koma musaime kutsogolo kwa kamera."

Usiku umenewo mwana anachita zake zija kangapo. Mayiyo anali ndi mantha ngati masiku onse, koma kwa nthawi yoyamba sanali kuona yekha.

M'mawa anapempha kuti angomupatsa kanemayo momwe ilili. A Mwetulirani anamuyang'ana ngati wawatukwana. Anafunsa ngati akufuna kuti adokotala atseke chipatala azionera Thirakitala usiku wathunthu. Anati ntchito yawo situluka pakhomo yosapesa. Mayiyo anafuna kuumirira, koma munthu wakuthandiza ulere, komanso ndi akulu a mwamuna wako, umuumiriza bwanji? Madzulo anamubweretsera fulashi, kachipangizo kosungiramo kanema, akudzitama kuti afupikitsa bwino, ndiponso adziletsa, nyimbo sanaikemo.

Tsiku lotsatira adokotala analowetsa fulashiyo pakompyuta yawo. Panayamba kubwera zilembo zagolide zikuzungulira: THIRAKITALA M'TULO. Adokotala anatsitsa magalasi. Kenako mwana anaoneka bwinobwino, mkonono uli nkhrrr, nkhrrr, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osadukiza ngakhale pang'ono.

Adokotala anati mkonono aumva ndithu, koma ana ambiri amaliza mkonono, ndipo kusiya kupuma komwe mayiyo ankanena sakukuona. Ananena mokoma, momwe anthu amalankhulira ndi mayi wamng'ono amene akumuganizira kuti ndi wamantha chabe. Mayiyo anamva manyazi mpaka m'makutu. Anayamba kudzikayikira yekha. Kapena kusagona kwamusokoneza mutu?

Anapempha kuti abwezeko pang'ono. Ulendo uno sanamvere mkonono, anayang'ana dzanja la mwana. Linali pamwamba pa bulangete. Kuphethira kamodzi, lili pansi pa tsaya, osaoneka likuyenda. Patsogolo pang'ono mutu unalumpha kuchoka kumanja kupita kumanzere.

"Adokotala, apa adulapo. Apanso. Alamu anga amadula paliponse pomwe pali chete."

Adokotala anabwezanso okha, n'kugwedeza mutu. Anati chete ameneyo ndiye akumufuna. Maina a ana opita kwa dokotala wa zapakhosi kuchipatala chachikulu ankawatumiza madzulo a tsiku lomwelo, ndipo akaphonya, adikira ulendo wina. Ngati kanema yosadula ilipo, ibwere asanaweruke.

Mayiyo sakumbuka momwe anafikira kunyumba. Anapeza a Mwetulirani atavala vesiti, akuimba mluzu, akufufuta zakale mu laputopu kuti ukwati wa Loweruka upeze malo.

"Alamu, chotsani dzanja pamenepo."

"Bwanji, adokotala aikonda? Zilembo zija aziona?"

"Mwadula pomwe mwana amasiya kupuma."

Mluzu unathera pakamwa. Anayamba kufotokoza mofulumira kuti pulogalamu imeneyi lumo lake ndi longoyerekeza, imangokumbukira pomwe wadula, koma kanema yeniyeni siikhudza. Ndiko kukoma kwake, anthu anaiganizira bwino. Mayiyo anafunsa kuti yeniyeniyo ili kuti. A Mwetulirani anakanda m'mutu. Anali ataitaya m'bini ya mu laputopu m'mawa womwewo, ndipo chomwe ankati achite mluzu ukatha ndi kukhuthula biniyo.

Anatsegula biniyo. Inalimo.

Pafulashi sinakwane, choncho ananyamula laputopu yonse, ndi chitini cha penti chomwe. Mu minibasi a Mwetulirani anaifukata ngati khanda, mayiyo atafukata khanda lenileni, kondakitala n'kufunsa ngati ana onse awiri alipira.

Anapeza adokotala akutsuka m'manja kuti azipita. A Mwetulirani anatsamiritsa laputopu pachitini, n'kutsegula pulogalamu yawo. Kulalikira anayambako pang'ono, kuti iyi ndi ya tonse, koma mlamu wawo anawaponda phazi. Adokotala anafunsa ngati angapeze msanga malo achete mu usiku wonsewo. Apa ndiye panali pa a Mwetulirani. Anatambasula mzere wa mawu, n'kuloza pomwe wagona, apa, apa, ndi apo, osasakasaka. Zaka zonse zija akhala akusaka malo oterowo kuti awataye.

Anadina pamalo oyamba. Mkonono unalira, kenako zii. Pasikirini kachifuwa kanakoka, kanakokanso, pakhosi pakulowa m'kati, kamwa lili yasa. Adokotala anayang'ana wotchi yawo. M'chipindamo munkangomveka kafani ka laputopu. Kenako mwana wa pasikirini anadzidzimuka n'kukoka mpweya, dzanja la mayi ake likuoneka m'mphepete.

Mayiyo sanayang'ane sikirini, zimenezo ankazidziwa. Anayang'ana alamu ake. Munthu uja anali atavula chipewa. Usiku wonse uja anaudula osauonera, ndipo aka kanali koyamba kuona chomwe chinali pamwamba pa mzere wogonawo.

"Amachita chonchi masiku onse?" anafunsa chapansipansi.

"Masiku onse, alamu."

Adokotala anaonera malo ena awiri, kenako anamuyang'ananso mwana kukhosi ndi tochi. Anati n'kutheka kuti tinyama ta kukhosi ndi kuseri kwa mphuno takula n'kumatseka njira akagona, ndipo zoterezi madokotala a zapakhosi amazithandiza. Analemba dzina la mwana pamodzi ndi anzake opita Lolemba. Anauza mayiyo kuti azimugoneka chammbali, ndipo akaona milomo ikusintha mtundu asadikire kuti kuche. Pomaliza anatembenukira kwa a Mwetulirani n'kunena kuti kanemayo ipite yonse, yopanda zilembo zagolide.

Pobwerera anayenda wapansi kuchokera pamsewu. Thirakitala anali atagona kumsana, ayambapo kale ntchito yake.  Mayiyo anafunsa a Mwetulirani komwe angapeze fulashi yaikulu yoti kanemayo ikwanemo. Ankadziwa kuti Lolemba ndi tsiku lomwe alamu ake amadzitsekera m'chipinda kudula ukwati wa Loweruka, eni ake akuimba foni kosalekeza.

"Fulashi ya chiyani? Mukafika kumeneko ikakana kutseguka, mudzatani? Ndipo malo achete aja awapezera ndani, usiku wonse uja?"

"Nanga ukwati wa anthu?"

"Adikire. Akhala atakwatirana kale, kanema siwonjezera kanthu."

A Mwetulirani anasinthira chitini cha penti kudzanja lina. Anati Lolemba alawira limodzi, laputopu anyamula okha, ndipo akakhala pambali pa dokotala wa zapakhosiyo kumulozera pomwe mzere wagona, mpaka aone zonse.