Foni ya m'chitini

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene amayi anakwera chapa, minibasi ya kwathu, kupita ku Lichinga kukagwira ntchito ya m'nyumba. Anandisiya kwa amalume ku Lunho, n'kundipatsa kafoni kakuda kamabatani. Anati aziimba Lamlungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi.

Kwathuko netiweki inkapezeka malo amodzi okha, pathanthwe la kumtunda kwa doko. Inali nyengo ya mvula, komanso ana a amalume anali ndi manja osakhazikika. Ndiye ndinatola chitini cha mkaka waufa, n'kuikamo foni ija, chivundikiro ndi kutseka zolimba. Ndinkadziona wanzeru kwambiri.

Lamlungu loyamba ndinakhala pathanthwepo, chitini chili pamiyendo, makutu tcheru. Sindinkatsegula, kuopa kuti mvula ingawazemo. Kunali zii. Sabata yotsatira chimodzimodzi. Pofika Lamlungu lachisanu ndinali nditatsimikiza kuti amayi apeza ana ena oti aziwakonda kumeneko. Ndinasiya kusewera ndi anzanga, ndipo amalume akandifunsa ndinkangoti mutu.

Tsiku limenelo a Matiyasi, mkulu wina amene kale ankakonza mawailesi a m'maboti ku Metangula, ankasoka ukonde pafupi. Anandifunsa chimene ndinkachilera ngati khanda m'chitinimo. Nditawauza, anaseka mpaka kutsokomola, koma ataona misozi yanga analeka.

"Tsegula, mwanawe," anatero. "Rede, netiweki ukudikirayo, imapyola udzu, njerwa, ngakhale pulasitiki. Koma chitsulo chotsekeka chonchi, ng'o."

Anawonjezera kuti madzinso ndi adani ake: wailesi ukaikulunga bwino n'kuimiza m'nyanja, mawu amayamba kuzilala isanapite patali. Anandipatsa kajumbo kosungiramo fodya wawo kuti ndizikulungira foniyo.

Nditaitulutsa, timizere tiwiri tinaonekera pakona. Sipanapite nthawi, inalira, ndipo ndinatsala pang'ono kuigwetsa. Mawu a amayi anali osasa.

"Bwanji umandizimira foni, Lusiya? Ndimayesa wandikwiyira chifukwa ndinakusiya."

Masabata onse asanu ankaimba, ataima kuseri kwa khitchini ya abwana awo, n'kumauzidwa kuti nambalayo sikupezeka. Iwo ankalira uko, ine kuno, pakati pathu pali kachitsulo kopyapyala ngati chikhadabo.

Amayi anamwalira ndili wamkulu, koma chitini chija ndikadali nacho, ndimasungiramo singano. Munthu amene ndimamukonda akangokhala chete, sindithamangira kunena kuti wandiiwala. Ndimayamba ndayang'ana ngati wotseka chivundikiro sindine.