Matenda Ayamba

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene mawu awiri anandipusitsa. Achemwali anga anali ndi pakati poyamba, ndipo anabwera kudzadikirira kwathu, kumtunda kwa Chinakanaka. M'mawa wina kukuwaza chiperoni, azakhali, omwe miyendo inkawavuta, anandiitanira kuseri kwa nyumba.

"Thamanga ku esiteti, ukawauze amako kuti achemwali ako matenda ayamba."

Kwathu mtsikana wosabereka sauzidwa za uchembere. Tinkangomva kuti ana amagulidwa kuchipatala. Matenda amene ine ndinkadziwa anali malungo ndi mutu, ndipo achemwaliwo ndinali nditawaona akusesa m'mawa womwewo. Choncho nditawapeza amayi ali pamzere woyezetsa masamba a tiyi, dengu lodzaza lili kumsana, kapitawo akukalipa, ndinaima pansi pa mtengo ngati mwana woleredwa bwino. Ndinadikira mpaka mzere wonse unatha.

Nditawauza, anafunsa kuti ndafika nthawi yanji. Ndinanena zoona. Sanandimenye, sanandikalipire, anangotaya dengu n'kuyamba kuthamanga. Mmene wakabaza ankafika ndi achemwali kuchipatala, anali atataya magazi ambiri. Mwana, wamkazi, anapulumuka. Mayi wake tinakamuika patatha masiku awiri.

Amayi sanatchulenso za tsikulo, ndipo ine kukhala chete kwawoko ndinakutenga ngati chigamulo: ndinapha m'bale wanga ndi ulemu.

Ndili Fomu 3 ndinauza aphunzitsi a Bayoloje kuti ndikufuna kudzakhala namwino ndi mzamba. Anali mayi osadziwa kunyengerera. Anatenga kope langa n'kulemba kuchikuto: Bayoloje, Kemisitiri, Fizikisi, Masamu, Chingerezi.

"Izi ukhoze ndi kirediti, osati kungodutsa," anatero. "Mtima wabwino wokha sulowetsa munthu kukoleji."

Sukulu yathu inalibe labotale, moti asidi tinkamuonera pabolodi, wojambulidwa ndi choko. Mayeso a Fomu 4 atatuluka, Fizikisi anandigwetsa. Ndinalira tsiku limodzi, kenako ndinakalembetsa sukulu yamasana kuti ndibwereze. M'mawa ndinkalima, masana n'kukakhala m'kalasi ndi ana amene kale ankanditcha achemwali. Anzanga ankandiseka kuti ndikalambira pa desiki. Ulendo wachiwiri ndinakhoza, ndinalemba kalata kukoleji ya anamwino, anandiitana kukandifunsa mafunso, dzina langa n'kutuluka.

Ndinkayesa ndamaliza. Koma azakhali anasonkhanitsa amayi akuluakulu a pamudzi n'kundikhazika pamkeka.

"Kamwana kosabereka kakaone amayi a msinkhu wa amake akuchira? N'zolaula zimenezo. Uphunzitsi watha kodi?" anatero azakhali.

Magazi anandiwira. Ndinafuna kuwafunsa kuti kubisa kwawoko kunapulumutsa ndani, koma ndinaluma lilime, popeza amayi anali pomwepo atazyolika. Mumtima ndinali nditatsimikiza kale kuti popanda mawu a amayi sindikwera basi yopita kukoleji. Kuwalanda mwana mmodzi kunali kokwanira.

Mawa lake masana ndinawapeza pakhonde akusola nandolo. Ndinagwada.

"Amayi, ndiloleni ndipite. Ndikufuna ndikakonze zimene ndinalakwa."

Manja awo anaima. "Unalakwa chiyani iwe?"

"Ndinachedwa."

Misozi yawo inayamba kugwera m'lichero. "Iwe unaima mwaulemu monga tinakuphunzitsira. Azakhali ako akanakuuza kuti mwana akubadwa ndipo magazi akutuluka, sukanadumpha mzere uja? Ife tinasunga manyazi, n'kutaya munthu. Zaka zonsezi ndakhala chete chifukwa ndimaopa maso ako, mwananga. Ndiye iwe umasenza wekha?"

Ndinalira kuposa mmene ndinalirira pamaliro. Zaka zisanu ndi chimodzi tinakhala m'nyumba imodzi, kudyera mbale imodzi, aliyense akuganiza kuti mnzake akumuimba mlandu.

"Pita," anatero. "Koma ukakakhala mzamba, chinthu uzikachitchula dzina lake."

Lero ndimagwira ntchito pachipatala chaching'ono kwathu konkuno, patsinde pa phiri. Ndikamaphunzitsa amayi kusikelo ndimatchula magazi kuti magazi, ndipo azigogo operekeza amagwira pakamwa, ena amanditcha wopanda mwambo. Zimandipweteka, sindinama, koma sindisiya.

Mwana wa achemwali uja wakwanitsa zaka khumi ndi zitatu chaka chino. Loweruka lina ndinamukhazika pakhonde lomwe lija kuti ndimuuze tanthauzo la mawu awiri aja. Ndinkayembekezera kuti amayi anyamuka kupita kudimba, monga achitira akuluakulu nkhani zotere zikayamba. Sananyamuke. Anasendeza mpando wawo pafupi ndi mdzukulu wawo, n'kundikwezera dzanja kuti ndikhale chete.

"Dikira," anatero. "Ndiyambe ine."