Mbuzi za Koleji

Mwana wanga wamkazi ali Folomu 2, ndinavala chitenje chabwino n'kupita kwa ahedi. Ineyo sukulu ndinalekezera Sitandade 3. Bambo ake anali atamira panyanja cha ku Nkopola, ndipo tinkadyera usipa umene ndinkagulitsa pamsika wa kwa Mponda.

"Ndabwera kudzafunsa za koleji," ndinatero.

Ahedi anaseka. "Mayi, kukadali kutali. Ndiponso osankhidwa amakhala ochepa."

"Mbewu sitifuna mvula itagwa kale. Ndiuzeni basi."

Anandiuza kuti boma limalipira zambiri, koma kholo limaikapo gawo lake. Panalinso bulangeti, sutukesi, nsapato ndi ya basi yopita ku Zomba. Anatinso ndisunge bwino kalata ya imfa ya mwamuna wanga, adzaifuna popempha thandizo.

Kalatayo ndinaikulunga m'pepala la pulasitiki. Kenako ndinagula mbuzi ziwiri zazikazi. Mwana atafika Folomu 4, khola linali litadzaza.

Tsiku lina kunabwera tcheyamani wa chipani m'dera lathu, ndi anyamata awiri a malaya ofiira. Kunkabwera mlendo wamkulu kuboma, ndiye mudzi uliwonse upereke mphatso.

"Mbuzi zonenepa zili pano," anatero akuloza khola.

"Atcheya, khadi la chipani ndili nalo, la mwana ndinagulanso. Mazira ndinapereka. Mbuzizi n'za sukulu."

"Ndiye mukukana?"

Masiku amenewo mawu oti kukana ankasowetsa anthu. Koma ndinaima pakhomo la khola, sindinachokepo.

"Munanena nokha pamsonkhano kuti ana aphunzire. Ine ndikumvera zomwezo."

Anachoka osatsanzika. M'mawa mwake ndinaoloka nazo Shire mbuzizo, n'kukwera nazo mpaka ku Chowe kwa mng'ono wanga. Pobwerera ndinapeza malo anga pamsika apatsa wina, ndipo anyamata aja anandibweza pageti. Miyezi itatu ndinkayenda ndi dengu pamutu, khomo ndi khomo. Ena ankagula mobisa, kuseri kwa nyumba. Ena akandiona ankalowa m'nyumba.

Mwana wanga analira. "Amayi, apatseni imodzi, zithe."

"Akadya imodzi abweranso. Iwe gwira buku."

Pamsika ndinabwerera osapepesa munthu. Anangotopa nane. Ndinayala thumba langa kumapeto, pafupi ndi ogulitsa makala, ndipo usipa unkada ndi fumbi lawo.

Dzina la mwana wanga, pakati pa osankhidwa kupita ku koleji, tinalimva pa wailesi ya aneba, masana, ndikutsuka mbale. Anandiitana mokuwa, ndinathamanga ndi thovu m'manja. Amayi a m'mudzi anadzaza pabwalo langa ndi nthungululu, ngakhale aja ankandithawa. Akazi a tcheyamani nawonso anabwera, akuti mwana wathu watichotsa manyazi. Mkeka ndinawayalira. Tiyi sindinawaphikire.