Njerwa Zodikira Mgodi

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anga anaumba njerwa. Ndinali mu Sitandade folo. Mudzi wathu uli kuseri kwa Mitundu, panjira yolowera ku Dzalanyama. Bambo sanali a m'mudzimo. Kwawo kunali ku Nathenje, kuno anali mkamwini. Mkamwini amamuyesa ndi nyumba, ndipo yathu inali ya mdindo, yofolera udzu, yodontha pakona pamene ndinkagona ine.

Njerwazo tinaumba chilimwe. Bambo ankakumba dothi pachulu, ine n'kumaponda. M'mawa matope ankazizira mpaka zala zakumapazi kuuma. Mayi ankatunga madzi kudambo. Chikombole chinandisupula m'manja, koma sindinadandaule, chifukwa bambo anati m'nyumba yatsopanoyo ndidzakhala ndi chipinda changa, chachitseko. Titaotcha, fungo la utsi ndi dothi lopsa linatikanirira m'zovala. Uvuni utazizira, bambo anasolola njerwa imodzi n'kuigogoda ndi chikwanje. Inalira ngati chitsulo. Anamwetulira. Sankamwetulira kawirikawiri.

Tsiku loyamba kukumba maziko, titakoka kale chingwe chakhonje, panafika galimoto yoyera. Munatsika mzungu wofiira khosi ndi munthu wina womumasulira. Ankafuna dothi lakuda lonyezimira limene mayi ankazirira nyumba ndi kupaka mbiya. Mzunguyo analitikita pachala n'kulinunkhiza. Womasulira anati dothilo ndi limene amapangira mtima wa pensulo, ndipo kampani yawo idzatsegula mgodi. Ife kusukulu pensulo imodzi tinkaidula pakati kuti ikwane anthu awiri. Kumeneko n'kuti tikugona pamwamba pa mapensulo.

Anakhoma zikhomo zopaka penti wofiira. Chimodzi chinagwera m'kati mwa chingwe cha bambo, pomwe panayenera kukhala chipinda changa. Womasulira uja anayang'ana uvuni, kenaka anayang'ana bambo.

“Madala, musadzivute n'kumanga. Muno nonse musamuka. Kampani idzakumangirani yamalata.”

“Liti?” anafunsa bambo.

“Posachedwa.”

Madzulo ake kunabwera atsibweni, achimwene awo a mayi. Anati alamu mangani basi, chobwera ndi fumbi chimapitanso ndi fumbi. Bambo anakana. Anati munthu sangamange nyumba lero kuti mawa igwetsedwe ndi thirakitala. Njerwa azisunga, akamangire khitchini kumalo atsopanowo. Atsibweni anaseka, anati apa zapindula ndi nkhuku, zapeza poikira mazira. Bambo anakulunga chingwe chija n'kuchisomeka kudenga.

A kampani anakumba maenje kumunsi kwa munda, anatenga dothi m'timatumba, anapita. Mvula inagwa. Pakona panga panadontha monga kale. Mayi anaikapo beseni, ine n'kumagona chopinda miyendo. Mphasa inkanunkha chinyezi. Ndikatuluka m'mawa ndinkapeza chipinda changa chili panja, chosanjikizana bwinobwino, chikunyowa.

Patapita zaka kunabwera ena, galimoto ina, chikwangwani china. Anati kampani yoyamba ija inagulidwa. Awa anali ndi makina oboola pansi, olira tsiku lonse mpaka mbuzi kuzolowera. Bambo anawalandira ngati abale, anawapatsa ndi tambala yemwe. Nawonso anati musamange. Kenaka tinamva kuti dothilo latsika mtengo kunja, ndipo anapakira makina awo. Chikhomo chija chiswe chitadya, bambo anasema china n'kuchipaka katondo, kuopa kuti eni ake akadzabwera angasokonezeke.

Uvuni unamera udzu pamwamba. Munalowa abuluzi, kenaka njoka. Mlendo akafunsa njira ankauzidwa kuti akafika pa uvuni akhotere kumanzere. Wina akafuna kugulako njerwa, bambo ankayankha kuti n'zakhitchini. Ine ndinasiya sukulu, ndinapita kukagwira ntchito m'maesiteti a fodya. Zipinda zazitseko ndinakaziona kwa eni.

Bambo anamwalira m'nyumba yomweyo, beseni lili pakona. Tinakawaika kwawo ku Nathenje. Itakwana nthawi yomanga chiliza, ndinafuna kukagula njerwa komweko, poti n'kutali. Mayi anakana.

“Kaphwasuleni uvuni uja. Bambo anu adikira mokwanira.”

Tinapakira njerwa m'ngolo, ine ndi atsibweni, nawonso atakalamba. Tsiku limenelo sanaseke. Ndinagogoda njerwa imodzi ndi chikwanje. Inalira chimodzimodzi. Ng'ombe zinayenda pang'onopang'ono, ife pambuyo, mpaka tinatulukira pamsewu wa phula dzuwa litapendeka.

Masiku ano a kampani abweranso. Ndi ana aang'ono, ovala zipewa zolimba ndi majekete owala. Zikhomo safuna, amayeza malo ndi foni. Amaitanitsa msonkhano pabwalo la sukulu, amagawa zakumwa zam'botolo, amati dothilo tsopano likufunika popanga mabatire a galimoto. Za pensulo sakuzitchulanso. Dzina la kampaniyi kaya ndi lachingati, ndinaleka kutsatira. Mwina ulendo uno atsegula. Mwina ayi.

Ine nditatopa ndi maesiteti ndinabwerera pamudzi. Njerwa zotsala ndinamangira chipinda chimodzi, pomwe panali chikhomo paja. Chili ndi chitseko, ndipo sichidontha. Mnyamata wina wa kampani anandipeza ndikukhoma loko, anati adadi mwangotaya simenti, muno musamuka posachedwa. Ine ndinangopitiriza kukhoma. M'mudzi muno tonse tinauzidwa kuti tisamuka. Mpaka lero zimene zinasamuka ndi njerwa za bambo zokha, pangolo.